Kuphunzira kuimba doo-wop: khutu lisamukire kwa oimba akumbuyo

Kumayambiriro kwa chaka cha 1956, gulu la anyamata a mumzinda wa New Haven ku America, lotchedwa The Five Satins, linajambula nyimbo m'chipinda chapansi pa tchalitchi cha Katolika cha St. Bernadette. Mtsogoleri wawo, Fred Parris, anali msilikali pa nthawiyo. Nyimboyo, "In the Still of the Night", ikumvekabe pa mawailesi mpaka lero. Mukaimvera koyamba, khutu limathamangira kwa Parris chifukwa ndiye akunena mawu omveka, ndiyenso akudandaula za chikondi. Ndikukupemphani kuti muimvere kachiwiri ndi kachitatu mutamutaya dala Parris uja. Kumbuyo kwake kuli anzake amene akungobwereza timawu topanda tanthauzo, mawu awo atalukana moti simungaloze kuti uyu walekezera apa, uyu wayambira apa. Doo-wop, maimbidwe awa a timagulu ta ku America tolukana mawu kumbuyo kwa wotsogolera, ili mwa anthu akumbuyowo. Wofuna kuiphunzira ayambe wasamutsa khutu lake, lichoke kwa wotsogolera lipite kwa iwo, chifukwa pa oimba asanu, anayi ntchito yawo ndi imeneyo.

Maimbidwewa anabadwira pakati pa achinyamata akuda a m'mizinda ikuluikulu ya ku America nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha: ku Harlem, Bronx ndi Brooklyn mu New York, ku Baltimore, Philadelphia, Chicago ndi Los Angeles. Makolo a ambiri mwa iwo anali atachoka kumadera a kummwera kudzafuna ntchito m'mafakitale, ndipo anabwera ndi maimbidwe a m'tchalitchi a amuna anayi. Pa wailesi anawo ankamva The Mills Brothers, amene ankatsanzira malipenga ndi pakamwa, komanso The Ink Spots, amene anali ndi Bill Kenny woimba pamwamba penipeni ndi Hoppy Jones wolankhula ndi mawu akuya pakati pa nyimbo. Ndalama zogulira zida anyamatawo analibe. Anali ndi makosi awo, mphambano za misewu, ndi makonde a m'nyumba zosanja. Ndiye chilichonse chimene piyano, gitala ya besi ndi malipenga zikanachita, anachigawira pakamwa pa anthu asanu.

Mu 1948 The Orioles a ku Baltimore, motsogozedwa ndi Sonny Til, anatulutsa chimbale chawo choyamba chimene chinagwira mitima, ndipo ambiri amawerengera chiyambi kuchokera pamenepo. Potengera iwowa ndi The Ravens, magulu anayamba kudzipatsa maina a mbalame monga Crows, Penguins, Flamingos ndi Cardinals, kenako a magalimoto monga Cadillacs ndi El Dorados. Dzina loti doo-wop eni ake sankaligwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1950. Linatengedwa ku timawu ta oimba akumbuyo tija, ndipo linayamba kuoneka m'manyuzipepala cha mu 1961, patangotsala zaka zochepa kuti magulu a ku Britain monga The Beatles alande msika.

Mbiriyi ndiyofunika kwa wophunzira chifukwa imayankha funso limene aliyense amafunsa tsiku loyamba, loti timawu topanda tanthauzoti n'ta chiyani. Kalikonse ndi chida. "Bom" ndi chingwe cha besi chimene chala chakoka. "Waa" ndi malipenga akuyankha wotsogolera. "Uu" wautali ndi limba logwiridwa osalisiya. Mukadziwa chida chimene mukuimirira, mumadziwanso m'mene muyenera kumvekera, ndi nthawi yoti mukhale chete.

Ife amene tinakulira m'makwaya timabwera ndi mwayi waukulu, komanso ndi chizolowezi chimodzi chofunika kuchivula. Mwayi wake ndi woti khutu lathu linazolowera kugwira gawo lathu wina akuimba lake. Chizolowezi chake ndi choti m'kwaya nyimbo imakhala pamwamba, ndi asoprano, ndipo magawo anayi amatalikirana bwino, aliyense ali ndi bwalo lake. Mu doo-wop wotsogolera amaima payekha ngati munthu wosimba nkhani. Kumbuyo kwake kuli atatu, tena woyamba, tena wachiwiri ndi baritoni, opanikizana kwambiri moti onse amakwana pakati pa do mmodzi ndi do wotsatira. Nthawi zambiri tena woyamba amakhala pamwamba pa wotsogolerayo. Ndiye pansi penipeni pali besi, woyenda njira yakeyake. Mainawa ndi a malo, sakunena kuti woimbayo akhale mwamuna. The Platters anali ndi Zola Taylor, ndipo The Chantels a ku Bronx anali atsikana okhaokha, amene anaphunzira kuimba nyimbo za Chilatini kusukulu ya Katolika asanatulutse zimbale.

Tsopano tifike pa msana wa nkhaniyi. Nyimbo zambiri za doo-wop zimayenda pa ma chord anayi obwerezabwereza (chord ndi manoti angapo omveka nthawi imodzi), ndipo kwa munthu wodziwa solofa n'zosavuta kuwagwira. Woyamba ndi do-mi-so. Wachiwiri ndi la-do-mi, amene amamveka wachisoni. Wachitatu ndi fa-la-do. Wachinayi ndi so-ti-re, amene amakukokerani kubwerera ku woyamba. Pa gitala kapena kiyibodi, mu kiyi ya C, amenewa ndi C, Am, F ndi G. Kawirikawiri wachitatuyo amasinthanitsidwa ndi re-fa-la, koma njira yake imakhala yomweyo.

Agaweni motere, chord iliyonse ikhale ya kugunda kunayi, ndipo onse aimbe "uu". Besi aimbe do, atsikire pa la wapansi, fa wapansi, so wapansi, abwerere pa do. Baritoni aimbe do, do, do, kenako ti wapansi. Tena wachiwiri aimbe mi, mi, fa, re. Tena woyamba aimbe so, la, la, so. Taonani kuti mwa atatu apakatiwo palibe amene akudumpha patali. Aliyense akungosuntha pang'ono kapena kukhala pomwepo, pomwe besi yekha ndiye akuponda mtunda. Kusalala kumene mumamva pa zimbale zakale kumachokera pamenepa. Gulu latsopano likaimba kamzere aka koyamba n'kulondola, nkhope zimasintha, chifukwa anthu amamva chinthu chimene palibe mmodzi wa iwo akuchiimba payekha.

Papepala gawo la baritoni limaoneka la mwana, koma ndilo lovuta kuposa onse, ndipo ndimakonda kulipereka kwa munthu wa khutu lakuthwa, ngakhale mawu ake asakhale okoma kwenikweni. Akugwira do yemweyo pa ma chord atatu, koma do ameneyu amasintha nkhope. Pa chord yoyamba ndiye maziko. Pa yachiwiri ndiye wobweretsa chisoni chija. Pa yachitatu wasanduka wongothandizira fa. Pansi pake besi akuyenda, pambali pake anzake akusuntha, ndipo thupi lake limafuna kuwatsatira. Akangotsetsereka pang'ono, gulu lonse limatsetsereka naye. Potsikira pa ti ndi pomwe ambiri amagwera, chifukwa mpata wa pakati pa do ndi ti ndi wochepa kwambiri, monganso wa pakati pa mi ndi fa, ndipo munthu amatsika mopitirira. Akabwereza kakhumi, nyimbo imene inayambira pa C imakathera pa B, opanda woizindikira. Mankhwala ake ndi kuimba ti ngati akadali wotsamira pa do. Imbani kamzere kaja kasanu ndi katatu popanda chida, kenako gundani do pa kiyibodi mumve ngati mukadali pakhomo pomwe munachokera.

Kiyi isasankhidwe ndi wotsogolera yekha. Yambani ndi besi, mupeze pamene fa wake wapansi akumveka bwino osakwapatira, kenako muone ngati wotsogolera ndi tena woyamba akufika pamwamba pawo. Zikakanika, sunthani kiyiyo mpaka onse apeze popumira.

Nyimbo zambiri zimakhala ndi ndime ziwiri zofanana, kenako kagawo kapakati kosiyana, n'kubwereranso ku ndime yoyamba ija. Kagawo kapakatiko kamakonda kuyambira pa fa-la-do, ndipo chakumapeto kwake kamadutsira pa re-fe-la kasanafike pa so. Fe ameneyu, amene ndi fa wokwezedwa pang'ono, amagwera tena wachiwiri, ndipo amafunika kumuyeseza payekha chifukwa khutu limakhala litazolowera fa.

Kayendedwe ka nyimbo zapang'onopang'ono kali ndi kugunda kunayi, koma kugunda kulikonse kumagawika patatu. Pa zimbale mumamva piyano ikuchita zimenezi osaleka. Ine ndimaphunzitsa ndi liwu loti "chimanga". Linenereni kanayi motsatizana, chi-ma-nga, chi-ma-nga, chi-ma-nga, chi-ma-nga, koma mphamvu muike pa "chi", osati pa "ma" monga timalankhulira, ndipo phazi ligunde pansi pa "chi" aliyense. Zala zilire pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi. Gulu likaliza zala pa koyamba ndi kachitatu, nyimbo imasanduka ya perete. Nyimbo zothamanga nazo sizigawa kugunda pakati mofanana, zimatalikitsa theka loyamba n'kufupikitsa lachiwiri, ngati kuyenda kwa munthu wonyadira.

Besi wa doo-wop ndi munthu wotanganidwa. Jimmy Ricks wa The Ravens ankatsogolera nyimbo yekha ndi mawu akuya. Sherman Garnes wa The Teenagers, Gerald Gregory wa The Spaniels a mumzinda wa Gary ndi Fred Johnson wa The Marcels a ku Pittsburgh ndi amene ankatsegula nyimbo zotchuka za magulu awo ena onse asanalowe, moti anthu ankazizindikira pa besi pomwepo. Wophunzira besi asiye kukankhira chibwano pachifuwa ndi kufinya kukhosi pofuna kumveka wamkulu. Zimenezo zimangosasitsa mawu. Mu "bom" ndi "dum", chilembo choyambacho ndicho chala chokoka chingwe, choncho chituluke chakuthwa ndi pa nthawi yake. Kenako milomo itsekeke msanga pa "m" kuti mawu alire m'mphuno ndi m'chifuwa monga chingwe chimalirira chikasiyidwa. Akakhazikika pa manoti anayi aja, ayambe kuponda timiyala tapakati, monga kuchoka pa do kudzera pa ti popita pa la. Popanda ng'oma, iyeyo ndiye wotchi ya gulu. Besi wochedwa amalemeretsa nyimbo yonse, ndipo ndibwino kukhala ndi wa mawu opepukirako koma wosunga nthawi kusiyana ndi wa mawu ngati bingu koma wozengereza.

Manoti akalondola, patsala ntchito yotenga miyezi, yoti mawu atatu asungunuke n'kukhala amodzi. Choyamba ndi pakamwa. Ngati wina akuimba "uu" milomo itasongoka, wina italekeka, chord imamveka yosokonekera ngakhale onse ali pa noti yolondola. Yang'ananani milomo ndipo mufanane. Chachiwiri ndi kunjenjemeretsa mawu, kumene oimba ambiri a m'kwaya timakukonda. Akumbuyo akusiye, mawu awo awongoke ngati ulusi, chifukwa manoti oyandikana chonchi akamanjenjemera amagundana. Chachitatu ndi mphamvu. Lamulo limene ndimaligwiritsa ntchito ndi loti ngati sindikumumva mnzanga wa pambali panga, ndiye kuti ndakweza kwambiri. The Moonglows, gulu la Harvey Fuqua limene Marvin Gaye anadzalowamo ali wachinyamata, anatchuka ndi njira yotulutsa mpweya pamodzi ndi mawu, kuyamba noti ndi "h" ngati munthu wouzira moto pang'onopang'ono, kuti "huu". Mpweyawo umafafaniza malire a pakati pa mawu a anthu. Yesani nonse pamodzi motsitsa, mudzamva kusiyana kwake nthawi yomweyo.

Anyamata a ku New York ankasaka malo amene mawu amabwerera: masitepe a m'nyumba zosanja, masiteshoni a sitima zapansi pa nthaka, zipinda zosambira za kusukulu zomata matailosi. Malo otere amatalikitsa noti ndipo amakubwezerani chord yanu kuti muimve monga akuimvera wina. Kwathu kuno kalasi yopanda anthu ya simenti pansi, tchalitchi mkati mwa sabata, kapena nyumba yopulasitala imene simunalowe katundu, zimagwira ntchito yomweyo. Imani mozungulira, mapewa atatsala pang'ono kugundana. M'situdiyo za nthawi imeneyo oimba akumbuyo ankazungulira maikolofoni imodzi, ndipo wa mawu amphamvu ankangobwerera m'mbuyo phazi limodzi. Ikani foni pakati panu mujambule, kenako mumvere nonse. Foni siikondera, ndipo imathetsa mikangano yambiri ya kuti waphonya ndani.

Kufunika kwa kuyandikanaku ndinakuphunzira mowawa. Tinali asanu, tonse ochokera m'kwaya imodzi, ndipo tinayeseza miyezi itatu m'kalasi ina madzulo aliwonse a Lachiwiri ndi Lachisanu, mpaka mawu athu anagwirana bwino. Tinapemphedwa kukaimba pa ukwati. Titafika muholo, oyendetsa zokuzira mawu anatipatsa aliyense maikolofoni yake n'kutindandalika pamzere, motalikirana, masipika onse ataloza kwa anthu. Tinavomera chifukwa zinkaoneka zaulemu. Titayamba, ndinazindikira kuti ndikungodzimva ndekha. Baritoni wathu anali kumapeto ena a mzere, ndipo ndinkangoona milomo yake ikuyenda. Pofika ndime yachiwiri kiyi inali itatsika, ndipo pa yomaliza besi wathu anatsegula pakamwa pa fa wapansi koma panangotuluka mpweya. Anthu anaomba m'manja mwa chifundo. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndinkadziwa m'mene nyimboyo inkamvekera m'kalasi muja, ndipo akwatiwo sanaimve. Kuyambira tsiku limenelo timapempha maikolofoni ziwiri zokha, ina ya wotsogolera, ina ya ife anayi, ndipo timaima mogundana mapewa ngakhale pabwalo patakula bwanji.

Za wotsogolera ndinena zochepa, chifukwa ofuna malo amenewa sasowa. Mverani Tony Williams wa The Platters kuti muone kuyera kwa mawu, Clyde McPhatter kuti muone m'mene moto wa m'tchalitchi unalowera m'nyimbo zachikondi, ndi Frankie Lymon, amene anali ndi zaka 13 zokha pamene dziko linkamumva mu 1956. Onsewa amatchula mawu momveka ndipo amasiya mipata yoti akumbuyo ayankhe. Wotsogolera wabwino amachedwerako pang'ono dala, kutsamira pa kugunda kumene anzake akusunga mosagwedezeka. Zokhotetsakhotetsa mawu azisungire malo amodzi kapena awiri, pamene mtima wa nyimbo wafika pachimake. Wa masiku ano amene amakhotetsa noti iliyonse amaphimba chord imene anzake avutikira.

Tena woyamba ali ndi ntchito ina yapadera, ya falsetto, mawu opyapyala a m'mutu amene mwamuna amatulutsa akadutsa malire a mawu ake a masiku onse. Nthawi zina amachoka mu chord n'kumayandama pamwamba pa nyimbo yonse popanda mawu enieni, monga mumamvera kwa The Flamingos a ku Chicago. Poyamba kuphunzira, tsanzirani kulira kwa njiwa motsitsa kwambiri, kenako tsetserekani kuchoka pamwamba kupita pansi mpaka mupeze pamene mawu amathyokera. Malo othyokerawo amasalala ndi kuyeseza kofatsa kwa tsiku ndi tsiku. Kukhosi kukayamba kuwawa, lekani.

Ife olankhula Chichewa tili ndi vuto lathu poimba m'Chingerezi. Mawu athu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, choncho lilime limafuna kuwonjezera kamawu kumapeto kwa liwu lothera pa t, d kapena v. Kamawu kowonjezerako kamadya nthawi ndipo kamasokoneza kugawika patatu kuja. Gwirizanani kuti chilembo chomaliza chitsekedwa pa kugunda kuti, ndipo mutseke nonse pamodzi. L ndi r nazonso zimafuna kuyeseza mwapadera. Komano pa timawu ta kumbuyo tija ndife odala, chifukwa "duu", "waa" ndi "shuu" n'totseguka monga mawu athu omwe. Palibenso choletsa kupeka nyimbo ya Chichewa pa ma chord anayiwa, bola mphamvu ya nyimbo igwere pamene liwu limatalikira polankhula, kuti "chikondi" asamveke ngati liwu lachilendo.

Maimbidwewa si achilendo kwenikweni kummwera kwa Africa. The Manhattan Brothers a ku Johannesburg, amene Miriam Makeba anaimba nawo m'zaka za m'ma 1950, anamwa pachitsime chomwecho cha The Mills Brothers ndi The Ink Spots. Madzi anayendanso chobwerera. Nyimbo imene gulu la ku Brooklyn la The Tokens linafika nayo pa nambala 1 ku America mu 1961 inachokera ku "Mbube", imene Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula ku Johannesburg mu 1939. Falsetto yoyandama pamwamba pa mabesi inali kale m'nyimbo ya Linda. Iye anamwalira ali wosauka mu 1962, ndipo banja lake linadzapeza mgwirizano wa malipiro mu 2006. Oimba doo-wop ambiri a ku America nawonso anaona zofanana, ana asukulu osaina mapepala amene sankawamvetsa. Mukadzapeka yanu, lembani maina a amene aipeka tsiku lomwelo.

Chomaliza kuyeseza ndi mathero a nyimbo, ndipo magulu akale sankawachita mwachisawawa. Pa mzere womaliza wotsogolera amachedwetsa, zala zimasiya kulira, ndipo onse amayang'ana iye. Akafika pa noti yake yomaliza, baritoni amakhala pa mi, tena wachiwiri pa so, ndipo tena woyamba amakwera pa la n'kukhala pomwepo, osapita pa do. La ameneyu, wogundana ndi so wa mnzake, ndiye amapatsa chord yomaliza kukoma kuja kwa zimbale za m'ma 1950, ndipo awiriwo ayenera kulimba mtima osathawana ngakhale khutu likuwauza kuti ayandikana kwambiri. Besi amadikira kugunda kumodzi kapena kuwiri, kenako amatsika yekha, so, mi, mpaka pa do wake wapansi ngati amafikapo. Onse amagwira pamenepo, maso ali pa dzanja la wotsogolera, mpaka dzanjalo litafumbata.